Amene anafika pa nambala 299

Mu 1986, ku England, mtsikana wa zaka 12 analowa mpikisano wa dziko lonse wa atsikana a msinkhu wake. Unali mpikisano wa liwiro wodutsa m'madambo, m'matope ndi m'zitunda, umene eni ake amautcha cross country, ife m'sukulu za kuno timati corta-mato. Anafika pa nambala 299. Mtsikanayo ndi Paula Radcliffe. Chaka chotsatira anabwereranso, n'kukhala wachinayi. Mu March 1992, ku Boston, pabwalo lokutidwa ndi chipale chofewa, anapambana mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi, kusiya m'mbuyo Wang Junxia wa ku China pamodzi ndi ana a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Pa 13 April 2003, mumzinda wa London, anathamanga marathon, makilomita 42 ndi mamita 195, m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 25. Panadutsa zaka 16 popanda mkazi woposa pamenepo, mpaka Brigid Kosgei wa ku Kenya atachita zake ku Chicago mu 2019.

Pa manambala onsewa, imene imandikhala pamtima ndi 299. Kuti ife tiidziwe lero, ndiye kuti tsiku limenelo panali munthu amene anaima pamzere womalizira, m'chisanu, cholembera kumanja, osachoka ngakhale opambana anali atafika kalekale. Anadikira mwana wa nambala 50, wa 200, wa 299 ndi ena obwera pambuyo pake, aliyense n'kumulemba dzina. Mwanayo anabwerera kwawo akudziwa pamene waima. Mphunzitsi wake wa liwiro, Alex Stanton wa kalabu ya Bedford and County, anali ndi poyambira. Ndipo onse awiri ankadziwa kuti chaka chamawa, nyengo yomweyo, mpikisanowo udzakhalaponso.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo kwathu ndi kuno ku Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufupi ndi msewu wa N9 umene umachoka ku Tete n'kukathera pachipata cha Cassacatiza, polowera ku Zambia. Kuno mwana wothamanga sachititsa chidwi aliyense. Wina amathamangira belu la sukulu kuchokera kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, wina akupirikitsa ng'ombe zimene zalowa m'dimba la eni ake, wina watumidwa kukaitana azakhali kumudzi wachitatu chifukwa kunyumba kwagwa matenda. Amabwerera ali wefuwefu, n'kumwa madzi, n'kutenga khasu. Sindikunena kuti kumeneko ndiko kukonzekera mpikisano, ayi. Kuthamangira kusukulu ndi njala m'mimba si maphunziro a liwiro, ndipo sindikondwera ndi alendo amene amasirira umphawi wa ana athu ngati kuti ndi mankhwala a miyendo. Koma pakati pa ana ambirimbiri otere, amapezeka mmodzi amene phazi lake limatera mopepuka, mapewa osagwedezeka, ndipo anzake akayamba kuyenda pachitunda iye amangopitirira. Mphunzitsi aliyense amene wakhalitsa kumudzi anamuonapo mwana wotere.

Ndinaphunzitsapo mtsikana wina wa mtundu umenewu. Pa tsiku lina la chikondwerero, sukulu inakonza liwiro lozungulira mudzi, anyamata ndi atsikana pamodzi, ndipo iye anafika patsogolo pa anyamata ambiri aakulu kumuposa, atamanga chitenje m'chiuno, osavala nsapato. Amayi analuluta, ana anamunyamula m'mwamba, anapatsidwa makope ndi sopo. Tsiku linathera pomwepo. Mtunda umene anathamanga unali wongoyerekeza ndi maso, wotchi panalibe, ndipo chaka chotsatira chikondwerero chinakhala cha mpira wokha. Anapitiriza sukulu kwa kanthawi, kenako anakwatiwa. Lero ndi mayi wolimbikira, wolima fodya ndi chimanga, ndipo sindinganene kuti moyo wake unawonongeka. Chimene chimandipweteka n'chakuti palibe munthu padziko lino, ngakhale mwini wakeyo, amene angadziwe ngati liwiro lake linali la pamudzi, la chigawo chonse cha Tete, kapena la dziko lapansi.

Dziko lathu lili ndi umboni woti liwiro la dziko lapansi limabadwira m'nyumba wamba. Maria de Lurdes Mutola anabadwa mu 1972 ku Chamanculo, dera la anthu osauka mumzinda wa Maputo. Ankasewera mpira m'timu ya anyamata. Amene anamuona akuthamanga pabwalo n'kuzindikira kuti miyendo imeneyo ili ndi ntchito ina sanali nduna kapena mkulu wa masewera. Anali mlakatuli, José Craveirinha, ndipo anamupereka m'manja mwa mwana wake Stélio, katswiri wa kulumpha, kuti amuphunzitse. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Craveirinha anachita zomwezo osafunsa kuti mwanayu ndi wa yani. Patangopita miyezi, mu 1988, Mutola anali ku Seoul pa masewera a Olimpiki ali ndi zaka 15. Anatuluka m'ndime yoyamba ya mamita 800. Mu 1991 anapita kukaphunzira ku Springfield, m'boma la Oregon ku America, mothandizidwa ndi thumba la Olympic Solidarity, kumene anakumana ndi Margo Jennings, mphunzitsi amene anakhala naye zaka zonse za kupambana kwake.

Ndikawerenga zaka zimenezi ndimaima kaye. Mu 1988, pamene Mutola ankavala malaya a dziko ku Seoul, atsikana a msinkhu wake a kuno sanali pasukulu. Nkhondo yapachiweniweni inali itabalalitsa midzi. Ena anali ku msasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia, ena kwa achibale cha ku Katete ndi Chadiza, ena ku Malawi, ena ankagona m'mapiri. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu n'kuyamba kubwerera kudzapeza sukulu zopanda denga ndi minda itasanduka tchire. Mbadwo umenewo unayenda mitunda imene katswiri aliyense wa marathon angaiope, mwana kumsana, mtolo pamutu. Amenewo ndiwo makolo ndi agogo a ana amene ndikuwaphunzitsa lero. Munthu akamadabwa kuti bwanji makolo a kuno saona phindu lake la kuthamanga popanda chokuthamangitsa, aziyamba wakumbukira zimenezi.

Pa 25 September 2000, tsiku limene dziko lathu limakumbukira chiyambi cha nkhondo ya ufulu ya mu 1964, Mutola anapambana mamita 800 ku Sydney m'mphindi imodzi ndi masekondi 56.15. Inali mendulo yoyamba ya golide ya Mozambique pa Olimpiki. Wachitatu pa mpikisano umenewo anali Kelly Holmes wa ku Britain, amene pambuyo pake anadzayamba kuphunzira liwiro limodzi ndi Mutola, ndipo mu 2004 ku Athens anapambana iyeyo, Mutola n'kukhala wachinayi. Ku Sydney komweko kunalinso mwana wa ku Malawi, Catherine Chikwakwa, wa zaka 15, amene anathamanga mamita 5,000, ndipo mu 2004 anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Grosseto, ku Italy. Radcliffe nayenso anali ku Sydney. Anatsogolera mamita 10,000 pafupifupi njira yonse, koma pozungulira komaliza anamudutsa atatu, Derartu Tulu wa ku Ethiopia n'kutenga golide. Radcliffe anabwerera chimanjamanja.

Apa ndi pamene nkhani ya Radcliffe imandiphunzitsa kwambiri, chifukwa anthu amakumbukira za London n'kuiwala zaka zimene zinadutsa pakati. Atapambana ku Boston ali wachinyamata, analowa m'gulu la akuluakulu n'kuyamba kuluza. Mu 1993 anakhala wachisanu ndi chiwiri pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Stuttgart, komwe Mutola anatenga golide. Mu 1995 wachisanu. Pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 wachisanunso. Mu 1997 wachinayi. Siliva mu 1999 ku Seville, kenako wachinayi ku Sydney. Vuto lake linali lodziwika kwa aliyense: ankatha kukoka gulu lonse mwamphamvu kwa nthawi yaitali, koma analibe liwiro la mamita omalizira, ndipo anzake ankangomutsatira kumsana n'kumudutsa pamapeto. Analinso ndi chifuwa cha mphumu kuyambira ali wamng'ono. Mpikisano wa akuluakulu wa corta-mato wa dziko lonse lapansi anaupambana mu 2001 ku Ostend, m'matope ofika mu akakolo, patapita zaka 9 chichokere ku Boston. Zaka zonsezo panali kalabu, mphunzitsi yemwe uja, madokotala, yunivesite ya Loughborough kumene anamaliza digiri yake mu 1996, ndi kalendala ya mipikisano imene inkamupatsa mwayi wina nthawi zonse. Mendulo ya Olimpiki sanaipezepo mpaka kupuma. Ku Athens analekeza marathon panjira, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu akulira.

Mlimi wa fodya angamvetse msanga. Mbande ikakhala pa nazale sungadziwe kuti idzabala masamba angati. Umathirira bedi lonse m'mawa ndi madzulo m'kutentha kwa October, yofooka ndi yamphamvu yomwe, chifukwa ina imene ikuoneka yonyozeka lero ndi imene idzadzaze chigafa. Ife pa masewera timachita zosiyana ndi nzeru imeneyi. Timasankha mwana amene wapambana tsiku limodzi, kawirikawiri amene wakula msanga thupi kapena amene wadya m'mawa umenewo, ena onse n'kuwauza kuti akhale pamthunzi aziombera m'manja.

Tsiku lina ndinapita kukapempha bambo wina kuti alole mwana wake wamkazi azitsala madzulo ena kusukulu kuti azithamanga ndi anzake. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kumvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati: "Aphunzitsi, mwanena zomveka. Koma ndifunseko, kuthamangako kudzamudyetsa? Nanga fodya akacha, asoke ndani?" Funso limeneli silichokera ku umbuli. Kuyambira pa nazale, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kusankha mpaka kumanga mabelo, banja la fodya limafuna dzanja lililonse, ndipo ngongole ya feteleza siidikira. Mnyamata naye akafika zaka zina amaona anzake obwera kokumba golide atagula foni ndi njinga yamoto, ndipo kuzungulira bwalo la sukulu kumaoneka kwachibwana. Ndinawayankha zoona: "Bambo, ambiri sikuwadyetsa." Mutola anapata madola 1 miliyoni mu 2003 atapambana mipikisano yonse ya Golden League, koma Mutola ndi mmodzi m'dziko lonse. Ngakhale ku Britain, ana ochuluka amene amathamanga m'matope chaka ndi chaka amadzakhala anamwino, aphunzitsi, oyendetsa mabasi. Chimene ndinatha kuwalonjeza ndi chaching'ono: mwana amene akudziwa kuti akuyembekezeredwa pampikisano wa mwezi wa June amakhala ndi chifukwa china chosasiyira sukulu mu February.

Kwa mtsikana, chifukwa chimenecho n'chamtengo wapatali. Lamulo la mu 2019 linaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 m'dziko muno, koma lamulo lili ku Maputo ndipo njala ili pakhomo. Pali zinanso zimene abambo ophunzitsa masewera sakonda kuzitchula. Mtsikana akatha msinkhu, akalangizidwa, amauzidwa za kakhalidwe ndi kavalidwe ka munthu wamkulu, ndipo kabudula wa masewera pamaso pa amalume ndi apongozi a mawa amakhala nkhani. Masiku a kumwezi alibe zodzitetezera zokwanira. Malungo obwerezabwereza ndi chakudya chosakwanira zimachepetsa magazi, ndipo wothamanga mtunda wautali amadalira magazi kunyamula mpweya kupita m'minofu. Mwana amene chaka chatha ankauluka, chaka chino akupuma movutikira pachitunda chomwecho, anthu n'kumati wayamba ulesi kapena wayamba zibwenzi, pamene akanangopimidwa magazi kuchipatala. Sindikhulupirira kuti anamkungwi ndi adani a liwiro. Amene amavina chimtali usiku wonse amadziwa bwino zimene thupi la mkazi lingathe. Kungoti palibe amene amapita kukakhala nawo pamphasa n'kukambirana nawo mwaulemu, asanayambe kuitana ana awo kubwalo.

Tikamadandaula timakonda kuyamba ndi nsapato ndi mabwalo. N'zoona kuti bwalo la Zimpeto, limene linatsegulidwa mu 2011, chaka cha Masewera a Africa Yonse, lili pa mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera kuno. Koma corta-mato safuna bwalo. Ndipo za nsapato zimandikumbutsa Yotham Muleya wa ku Zambia, m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu December 1958, mumzinda wa Salisbury umene lero ndi Harare, kunabwera Gordon Pirie, katswiri wa ku Britain wa mitunda italiitali ndi corta-mato, mwini mendulo ya siliva ya Olimpiki ya ku Melbourne mu 1956. Muleya, wophunzira za umakaniko ku Lusaka, asanakwanitse zaka 20, poyamba anakanizidwa kulowa mpikisanowo chifukwa cha khungu lake. Anthu atachita phokoso analoledwa. Anathamanga mamailosi atatu osavala nsapato, n'kumusiya Pirie kutali. Chaka chotsatira anamwalira pangozi ya galimoto ku Michigan, ku America, kumene anapita kukaphunzira. Lero ku Lusaka kuli msewu ndi sukulu za dzina lake. Chimene chikanamutsekereza Muleya sichinali mapazi ake. Akanapanda kuloledwa kuima pamzere woyambira tsiku limenelo, bwenzi lero tisakumudziwa, monga mmene sitikuwadziwira anzake ena a nthawi imeneyo.

Kumene liwiro linazika mizu mu Africa, kawirikawiri poyambira pake pamapezeka mphunzitsi wa sukulu amene anakhala malo amodzi zaka zambiri. Ku Bekoji, tauni yaing'ono ya m'mapiri a Ethiopia, Sentayehu Eshetu ankasonkhanitsa ana m'mamawa kuti azithamanga m'nkhalango ya bulugamu, ndipo m'manja mwake munadutsa Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba. Ku Iten, ku Kenya, Colm O'Connell anafika mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe pa St Patrick's, osati liwiro. Malo amenewo ndi okwera kuposa kwathu kuno, ndipo mpweya wopepuka wa kumapiri umathandizadi thupi kupanga magazi ambiri. Sindikunena kuti Chifunde ndi Bekoji. Kumunsi kwa boma lathu, cha ku Luia, dzuwa la October limaotcha moti kuthamangitsa mwana masana ndi nkhanza. Koma kumtunda kuno, cha ku Mualadzi ndi ku Nsadzu, m'mawa wa June ndi July umazizira bwino, chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, fodya atapita kumsika, njira zili zouma. Nyengo ya mpikisano ilipo kale, yongofunika kuilemekeza.

Masewera a sukulu m'dziko muno alipo, kuchokera pa boma, kupita pa chigawo mpaka pa chikondwerero cha dziko lonse, ndipo ana ena a Tete amafikako. Chimene chikusowa ndi masitepe a pansi penipeni. Ndikufuna njira imodzi yoyezedwa bwino, makilomita 2 kwa aang'ono ndi 4 kwa okulirapo, yoyambira pamtengo wodziwika n'kuthera pamtengo womwewo, imene sidzasinthidwa mphunzitsi akasamutsidwa. Foni iliyonse masiku ano ili ndi wotchi yowerenga masekondi. Ndikufuna kaundula wachikuto cholimba wosungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu pafupi ndi wa mayeso, wolembedwa dzina, chaka chobadwa, mudzi ndi nthawi ya mwana aliyense amene wamaliza, mpaka wotsiriza. Mwana wa zaka 11 adzatsegule tsamba la chaka chatha n'kuona kuti wadula masekondi 40, ngakhale akadali wa nambala 30. Mng'ono wake adzapeze dzina la mkulu wake n'kufuna kuliposa. Ndipo tsiku limene munthu wa Federação Moçambicana de Atletismo kapena wa Fundação Lurdes Mutola adzafike kuno n'kufunsa kuti muli ndi yani, tisadzayankhe kuti kunali kamtsikana kena kothamanga kwambiri. Tidzatsegule buku.

Palinso mwayi umene tili nawo ife a m'malire umene a ku Maputo alibe. Katete ili pafupi nafe kuposa mzinda wa Tete. Chaka chilichonse kumapeto kwa August timapita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, pamodzi ndi abale athu a ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo palibe amene amafuna womasulira. Ngati magule athu amawoloka malire kukavina pabwalo limodzi, sukulu ziwiri zoyang'anizana pa Cassacatiza ndi Chanida ya ku Zambia zingathe kupanganso tsiku limodzi pachaka loti ana awo athamange njira imodzi. Mwana amakula pa liwiro akakumana ndi womuposa, ndipo amene wazolowera kupambana pamudzi pake amafunika kuona msana wa mnzake wachilendo ukutalikira.

Bambo wa fodya uja anavomera, koma anaika mawu ake: mwana azifika pakhomo dzuwa lisanalowe, nyengo yothyola fodya asatsale, ndipo ngati kudzakhale ulendo wa ku Tete, apite ndi mphunzitsi wamkazi. Ndikuona kuti onsewo ndi mawu a kholo lanzeru, ndipo lachitatulo ndi limene likundivuta, chifukwa aphunzitsi aakazi m'sukulu za kumidzi kuno ndi ochepa ndipo nawonso ali ndi makanda awo. Nkhani ya ndalama ya shapa, minibasi ya kuno, yopita ndi kubwerera, ya ana awiri ndi mayi mmodzi wowaperekeza, ndaipereka kale ku komiti ya makolo. Ndawapempha anyakwawa kuti tidzaikambirane fodya akangogulidwa, ndalama zisanathe m'matumba, ndiponso kuti pamsonkhanopo adzaitanidwe anamkungwi.